Wokondedwa wanga sadya nyama: kokadya pizza tizipitabe?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Likhubula kuno ku Mulanje ndipo ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'phiri. Ndili pa ubwenzi ndi mtsikana wina wa kufupi ndi kwathu konkuno. Chinkhoswe tinachita kale, ukwati tikuuganizira chaka chamawa. Iyeyu amapemphera Sabata ndipo patha zaka ziwiri chisiyireni nyama ndi nsomba. Mazira ndi mkaka amadya.

Pali malo ena odyera zachitaliyana omwe ndimawakonda kwambiri. Tikatsika m'phiri ndi alendo anga timakonda kukathera kumeneko, ndipo ine ndinazolowera pizza wa soseji ndi supageti wa nyama yogaya. Mwezi watha nditalandira kangachepe ndinati ndikamusangalatse mnzangayu. Titafika ndinauza woperekera zakudya kuti mayiwa sadya nyama. Chomwe chinabwera ndi supageti yemwe uja, atangovuulamo nyamayo ndi supuni, msuzi wake womwewo. Iye atalawa anakankha mbale. Ine manyazi anandigwira poti patebulo loyandikana panali anzanga a ntchito, ndiye ndinamunong'oneza kuti ingodya, tsiku limodzi silingakuphe. Sanandiyankhe. Anangomwa madzi, ndipo tinabwerera pa kabaza osalankhulana.

Mayi anga atamva anati mkazi wosadya nyama amakhala wopanda magazi ndipo pa uchembere adzavutika. Anzanga nawo akuti ndikutaya ndalama kugulira munthu masamba pamalo odula, masamba oti kumunda ali mbwee. Azakhali, kodi pamalo ngati amenewa pali chomwe mnzangayu angadye n'kukhuta? Kapena ndimunyengerere kuti azidyako nyama pa masiku apadera okha? Malowa sindikufuna kuwasiya, komanso iyeyo sindikufuna kumutaya.

Ine wothedwa nzeru,
Likhubula

Mwana wanga,

Ndiyamba ndi funso lako lachiwiri chifukwa yankho lake ndi lalifupi: usamunyengerere. Ndipo mawu unamunong'oneza aja upite ukawabweze musanakambe n'komwe za kokadya. Munthu amene watha zaka ziwiri akudutsitsa mbale ya nkhuku pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pamaliro, anthu akumuyang'ana ndi kumupanikiza ndi mafunso, sakuchita zachibwana kapena matama. Anasankha, ndipo mtolo wa chisankhocho wakhala akuusenza yekha. Tsiku lija sanakhale chete chifukwa cha supageti. Zoti ophika alakwitsa anazizolowera kale. Chomwe chinamupweteka n'choti pomwe ankayembekeza kuti umuyankhulira, iwe maso anali kutebulo la anzako. Ukapita kukapepesa usakayambe ndi kufotokoza za manyazi ako kapena za ndalama zomwe unawononga. Ukangonena kuti ndinalakwa, sindidzabwerezanso, kenako umufunse ngati angafune kubwereranso kumalo kuja. Akati ayi pakadali pano, umusiye, mtima wake uyambe watsika.

Taganiza za ntchito yako yomweyo. Mlendo wochokera ku Germany kapena ku Netherlands akakuuza pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula kuti iye nyama sadya, sumuuza kuti angodya. Mumakagula nyemba, mpunga, matimati, anyezi ndi mtedza, onyamula katundu n'kusenza, ndipo usiku ku Chambe kapena ku Chisepo poto amakhala pamoto wopanda ndi fupa lomwe. M'mawa mwake mlendo yemweyo amafika pa Sapitwa, mamita 3,002, ndi mphamvu za nyemba zomwezo, iwe n'kumujambula chithunzi. Mlendo wotere sumuchitira manyazi. Nanga bwanji ulemu womwe umaupereka kwa munthu wongodutsa, woti mawa akwera ndege, ukukuvuta kuupereka kwa mkazi amene ukufuna kumanga naye banja?

Komwe manyazi ako akuchokera ndikukudziwa. Tonse tinakulira m'nyumba momwe mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku, ndipo kumuikira nkhwani kapena chigwada kumaoneka ngati kumunyoza kapena kuulula umphawi wa pakhomo. Mwambowu ndi wabwino ndipo sindikufuna uthe. Koma cholinga cha nkhuku ija n'choti mlendo aone kuti mwamuganizira. Kwa munthu wosadya nyama, kumuganizira ndi kumupezera chakudya chokoma choti adye ndi mtima wonse. Ukamuikira nkhuku ukudziwa kuti sadya, wasangalatsa maso a oonerera, mwiniwakeyo wamugoneka ndi njala.

Tsono mwayi wako ndi woti malo omwe unawakondawo ndi oyenera. Zophika za ku Italy ndi zina mwa zosavuta kwambiri kwa munthu wosadya nyama. Pizza kwawo ndi ku Naples, ndipo anayamba ngati chakudya cha anthu osauka a mumzindawo, chogula m'mbali mwa msewu. Bungwe la ophika a kumeneko lotchedwa Associazione Verace Pizza Napoletana, lomwe linakhazikitsidwa mu 1984 kuti liteteze kaphikidwe ka makolo awo, limaika patsogolo mitundu iwiri ya pizza, ndipo yonse iwiri ilibe nyama. Woyamba ndi margherita: matimati, tchizi wa mozzarella, masamba onunkhira a basil ndi mafuta a maolivi. Anthu amasimba kuti anamutcha dzina la Mfumukazi Margherita, amene anacheza ku Naples mu 1889. Wachiwiri ndi marinara, yemwe alibe ndi tchizi yemwe: matimati, adyo, oregano ndi mafuta basi. Soseji ndi hamu zomwe unazolowerazo ndi zongowonjezera. Mnzakoyo akaitanitsa margherita sakudya pizza wochotsera kanthu, akudya pizza monga momwe eni ake amamudziwira.

Chifukwa chake ife sichingativute kumvetsa. Kwa zaka mazanamazana mlimi wa ku Italy nyama ankaiona pa chikondwerero, ndipo pamwamba pa umphawi panali lamulo la Mpingo wa Katolika losala nyama Lachisanu ndi m'nyengo ya Lenti. Amayi a kumeneko anaphunzira kukometsa nyemba, mabilinganya, kabichi, maungu ndi masamba a kutchire, ndipo luso limenelo ndi lomwe lero anthu amalipirira ndalama zambiri m'mizinda ikuluikulu. Kumpoto kwa dzikolo, ku Veneto ndi ku Lombardy, chakudya cha tsiku ndi tsiku chinali polenta, ufa wa chimanga wovundulira m'madzi owira mpaka kulimba, m'bale wake wa nsima yathuyi, ndipo ankadyera nyemba, bowa kapena tchizi.

Tsopano tione zomwe mnzakoyo angaitanitse. Khitchini iliyonse yophika pizza ndi supageti imakhala ndi ufa wokanda, msuzi wa matimati, adyo, anyezi, mafuta, tchizi ndi tsabola. Ndi zimenezi zokha wophika angatulutse zakudya zingapo, kaya zinalembedwa pa menyu kaya ayi. Pali pasta al pomodoro, supageti kapena makaroni a msuzi wa matimati wokha. Pali arrabbiata, msuzi womwewo koma wa adyo ndi tsabola wowawa, woyenera munthu amene anakulira kambuzi. Pali aglio e olio, supageti wotakasira m'mafuta okazingira adyo ndi katsabola pang'ono, yemwe amapsa m'mphindi zochepa. Poyambira angadye bruschetta, buledi wowotcha wopaka adyo n'kuikapo matimati aawisi, kapena caprese, matimati odula osanjikiza ndi mozzarella. Pa pizza angaikitse bowa, tsabola wobiriwira, anyezi, sipinachi, mabilinganya, maolivi, ngakhale nanazi wa konkuno, ngakhale kuti Ataliyana ambiri nanazi pa pizza samufuna. Achenjere chabe kuti pizza wa nanazi wolembedwa pa menyu, uja amati Hawaiian, amakhala ndi hamu. Wophika akakhala ndi nthawi pali parmigiana di melanzane: mabilinganya odula mopyapyala, okazinga, oyala mosanjikiza ndi matimati ndi tchizi n'kuwotcha mu uvuni. Chimenechi n'chakudya cholemera moti ngakhale iwe sungafunse nyama. Ndipo ndikupempha kuti ulendo woyamba wobwererako uitanitse chomwe iye waitanitsa, mudye chimodzi. Soseji udzadya tsiku lina ndi alendo ako.

Unafunsa za kukhuta, ndipo funsolo ndi lomveka. Ufa ndi matimati zimadzaza m'mimba, koma zomanga thupi zimachepa ngati palibe tchizi, dzira kapena nyemba. Ataliyana ali ndi pasta e fagioli, makaroni ophikira limodzi ndi nyemba mpaka msuzi kulemera, komanso minestrone, supu wa masamba osiyanasiyana ndi nyemba. Ngakhale msuzi wa supageti umene umaukondawo utheka kuphikidwa ndi soya wa m'mapaketi uja tonse timamudziwa, kapena ndi mphodza, m'malo mwa nyama yogaya. Koma izi zimafuna nyemba zoviika ndi kuwiritsa kale, kotero simungazipemphe mutakhala kale patebulo. Apa ndi pomwe kudziwika kwako pamalopo kungagwire ntchito. Iwe si kasitomala wamba, umabweretsa alendo, ndipo eni ake amadziwa. Tsiku loti mawa mukupita, dutsako kapena imba foni, ulankhule ndi wophika mwiniyo kapena woyang'anira malo, unene kuti mawa ndikubwera ndi mayi amene sadya nyama ndi nsomba, mungatikonzere chiyani? Wophika ukamupatsa nthawi amakondwa kuonetsa luso lake. Wodzidzimutsidwa maoda ali mulu ndi amene amatenga supuni n'kuyamba kuvuula nyama mumsuzi.

Woperekera zakudya uja usamusungire chakukhosi. M'nyumba zathu zambiri munthu akati sadya nyama timamuthirira msuzi wake, n'kumaona kuti tamuchitira zabwino. Ena akamva za nyama amaganiza ya ng'ombe ndi ya mbuzi basi, nkhuku, soseji ndi nsomba saziwerengera. Choncho kungoti sadya nyama n'kosakwanira. Pafunika kutchula chimodzichimodzi: ng'ombe ayi, mbuzi ayi, nkhumba ayi, nkhuku ayi, nsomba ayi, soseji ayi, msuzi wa nyama kapena mafuta okazingira nyama ayinso, mazira, mkaka ndi tchizi inde. Ndipo umufunse mnzakoyo ngati akufuna unene ndiwe kapena anene yekha. Pakamwa ali napo, ndipo zomwe amadya amazidziwa kuposa iwe. Chako n'choti iye akamalankhula, nkhope yako izioneka kuti uli naye.

Paja akulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'zophika zachitaliyana muli nyama zobisala zomwe maso sangazione. Bolognese, supageti wako uja, ndi nyama yogaya kuyambira pansi pa poto, ndipo lasagne kawirikawiri amayalira msuzi womwewo. Carbonara amaoneka ngati wa mazira ndi tchizi chabe koma mumakhala nyama ya nkhumba yokazinga, chimodzimodzinso amatriciana, ndipo kwa anthu a Sabata nkhumba ndi yoletsedwa ngakhale kwa amene amadya nyama zina. Puttanesca amaoneka wa matimati ndi maolivi koma amasungunuliramo tinsomba tamchere totchedwa anchovy, tomwe timapezekanso pa pizza wina. Pepperoni ndi soseji, asamuyese tsabola. Marinara ndamutchula uja, malo ena kunja kwa Italy dzinalo amalipereka kwa chakudya cha nkhanu ndi zina za m'nyanja, ndiye ayambe wafunsa. Supu ndi risotto, womwe ndi mpunga wophika mothira msuzi pang'onopang'ono, nthawi zambiri amaphikira msuzi wa nkhuku kapena timibulu tokometsera ndiwo, ndipo tina mwa timeneti timakhala ndi mafuta a nkhuku kapena a ng'ombe. Mu risotto amathiramonso vinyo. Pa zotsekemera, tiramisu amakhala ndi khofi, nthawi zina ndi mowa, zomwe anthu ambiri a Sabata amazipewa, pomwe panna cotta amamulimbitsa ndi jelatini wochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama.

Pali china chomwe ngakhale ophika ena sachidziwa. Tchizi wouma amene amamupala n'kuwaza pamwamba pa supageti, Parmigiano Reggiano, malamulo a kapangidwe kake amafuna kuti mkaka uundanitsidwe ndi madzi a m'chifu cha mwana wa ng'ombe. Pesto, msuzi wobiriwira wa basil, amakhalanso ndi tchizi wa mtundu womwewu. Osadya nyama ena amamudya osadandaula, ena amamukana. Si iwe kapena ine woti tigamule. Umuuze chabe, asankhe yekha.

Kuchuluka kwa zimenezi kusakuopse. Funso limodzi kwa wophika, lakuti kodi mwaphikira msuzi wanji ndipo mwathiramo chiyani, limaulula zonse. Tsiku nalonso usankhe bwino. Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa iye ali m'Sabata, sangamasuke kukagula chakudya. Lamulungu masana kapena mkati mwa mlungu ndi bwino. Miyezi yozizira pomwe okwera phiri amachuluka, makamaka masiku a mpikisano wa Porters Race mu July, malo odyera a kufupi ndi phiri amadzaza ndipo wophika sapuma. Nthawi ngati imeneyo kudziwitsiratu kumafunika koposa.

Tsopano za mayi ako. Nkhawa yawo usaipeputse. Akulankhula ngati munthu amene waona amayi anzawo akufooka ndi kuchepa kwa magazi pa uchembere, ndipo vutoli m'dziko muno lilipodi, pakati pa odya nyama ndi osadya omwe. Koma kusadya nyama pakokha si matenda. Mpingo wa mnzakoyo wakhala ukuphunzitsa za kadyedwe aka kuyambira zaka za m'ma 1860, ndipo kuno kwathu unakhazikika mu 1902 pa mishoni yomwe lero ndi Malamulo ku Makwasa, m'boma la Thyolo loyandikana nanu. Kafukufuku wamkulu wa yunivesite ya Loma Linda ku America wotchedwa Adventist Health Study-2, yemwe anayamba mu 2002 ndi anthu pafupifupi 96,000, anapeza kuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi anali ochepa pakati pa osadya nyama poyerekeza ndi odya. Anthuwo anali a ku America ndi ku Canada, okhala ndi zakudya zambiri zoti asankhepo, ndipo pamenepa ndi pomwe pagona nkhani: thanzi limabwera ndi kasinthasintha wa zakudya.

Choopsa ndi kudya chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Alimi a polenta aja, m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 pomwe umphawi unawasiya ndi chimanga chokha, anagwidwa ndi pellagra, matenda othetheka khungu, otsegula m'mimba ndi osokoneza mutu, obwera chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin. Matenda omwewa anabuka kuno mu 1990 pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique omwe ankakhala kum'mwera kwa dziko lino, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira, ndipo odwala anaposa 18,000. Mayi ako nthawi imeneyo akhoza kuikumbukira, poti Mulanje anali mwa maboma omwe analandira anthuwo. Chomwe chinachoka m'mbale zawo n'kubweretsa matendawo chinali mtedza, mbewu yomwe mnzakoyo amatendera ndiwo zake.

A zaumoyo kuno amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mazira ndi mkaka zili m'gulu la zanyama, kotero mnzakoyo palibe gulu lomwe walidumpha. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa vitamini B12, yemwe amathandiza kupanga magazi ndi kusamala mitsempha, sapezeka m'masamba kapena mu nyemba. Dzira la apo ndi apo silikwanira. Azidya mazira ndi kumwa mkaka kapena chambiko pafupipafupi, ndipo akadzakhala woyembekezera akanene kusikelo tsiku loyamba lomwelo kuti nyama ndi nsomba sadya, kuti amuyeze magazi ndi kumuuza zoyenera kuwonjezera pa mapiritsi a ayironi omwe amayi oyembekezera amalandira. Ayironi amapezeka mu nyemba, nandolo, khobwe, soya, bonongwe ndi chisoso, koma thupi limamuyamwa movutikira kusiyana ndi wa mu nyama. Chomwe chimathandiza ndi vitamini C pa chakudya chomwecho: matimati, mandimu, magwafa, nanazi, malambe. Chomwe chimatchinga ndi tiyi womwera pa chakudya, chinthu choti inu okhala pakati pa minda ya tiyi muchidziwe. Tiyiyo adikire ola limodzi kapena awiri. Ngati mnzakoyo tiyi samwa, uphungu umenewu upite kwa mayi ndi alongo ako.

Pokawafotokozera mayi upite wekha, mofatsa, pa nthawi yomwe mitima ili m'malo. Usamutenge mnzakoyo kuti akadziyankhire pamaso pa apongozi ake ngati munthu wa mlandu. Mayi ndi ako, ndipo zomwe angamve kwa iwe sangazimve kwa iyeyo. Mtengwa kapena mpongozi amene sanalowe n'komwe m'banja mawu ake amamveka ngati mwano, pomwe ako amamveka ngati a mwana amene waganiza.

Anzako akuti ukugula masamba oti kumunda ali mbwee. Nkhukunso kumudzi zilipo, koma akazigula pamalo omwewo sadandaula. Pamalo odyera sulipira ndiwo yokha. Umalipira luso la wophika, moto wa mu uvuni, tchizi amene ndi wodula, ndi mpata wokhala pansi ndi munthu amene umamukonda wina akukutumikirani. Komanso pizza wopanda nyama kawirikawiri ndi amene amakhala wotsikirapo mtengo pa menyu. Ndikanakonda iwe ndi anzakowo muiganizirenso nkhaniyi ngati anthu a ntchito yokopa alendo. Phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu July 2025, ndipo pakati pa okwera mapiri, osadya nyama sasowa; izi inu mukuzidziwa kuposa ine. Malo odyera omwe ali ndi zakudya zitatu kapena zinayi zopanda nyama, zophikidwa mwadala osati zochotsera, amakoka alendo amenewa. Zofunikazo zili pakhomo: nandolo wa ku Mulanje ndi Phalombe, mapeyala, nanazi, mabilinganya, maungu, ndi bowa nthawi ya dzinja. Bowa yekhayo akhale wolimidwa kapena wochokera kwa anthu omudziwa bwino, poti wakutchire wina amapha. Eni malo ukawauza mwaulemu ngati mnzawo pa malonda adzamva, ndipo amayi ogulitsa pamsika wa Chitakale adzapeza wogula wokhazikika.

Iwenso phunzira kuphika chimodzi mwa zakudyazi ndi manja ako. Pasta e fagioli safuna uvuni. Wiritsa nyemba kapena nandolo mpaka kufewa, kazinga anyezi, adyo ndi matimati, thiramo nyembazo ndi madzi ake, sinja zina kuti msuzi ulemere, kenako thyolathyola supageti uponyemo apsere momwemo. Chakudyachi chidzakuthandiza m'phiri ndi alendo ako, chidzakuthandizanso pakhomo tsiku lomwe m'thumba mulibe za kabaza ndi pizza.

Chatsala ndi chachikulu kuposa zonsezi. Ukwati uli chaka chamawa, ndipo zomwe zinachitika patebulo lija zidzabwera kukhitchini kwanu tsiku ndi tsiku ngati simukambirana panopa. Kodi iye adzalola kukuphikira nyama, kapena uzidzaphika wekha? Abale ako akabwera, nkhuku adzapha ndani ndipo adzaphika ndani? Nkhumba idzalowa m'nyumba? Ana adzadya chiyani? Kwanuko mwamuna nthawi zambiri amakakhala kwa mkazi, ndiye khitchiniyo idzakhala pakati pa abale ake. Ndi bwino udziwiretu. Iwe uli ndi ufulu wodya nyama monga momwe iye alili ndi ufulu woikana, ndipo nayenso asakukakamize kusiya. Mabanja otere alipo ndipo amakhala bwinobwino: masamba ndi nyemba za onse, kapoto ka nyama pambali ka ofuna. Mukagwirizana awirinu mukawauze ankhoswe a mbali zonse, kuti mawa wina asadzabwere ndi mlandu woti mkazi akumana mwamuna wake ndiwo. Ndipo pokonza phwando la ukwati, muwauze amayi ophika kuti pakhale poto wa nyemba kapena wa soya wosakhudzana ndi msuzi wa nyama, ndi chipande chake chapadera, chifukwa pakati pa akuchikazi ndi a mpingo wake ofuna chakudya chotere adzakhalapo, ndipo mbale ya mkwatibwi idzachokera mu poto yemweyo.

Azakhali